Pepala la Pansi pa Mwendo wa Tebulo

Aleluya, mpingo! Ndati aleluya! Kumbuyoko mwagona?

Moni nonse m'dzina la Yesu: Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo. Kwa alendo, ine ndine Tamala Mbewe wa ku Kafue Estates. Enanu mumandidziwa. Ndine uja wokonza mafoni pafupi ndi pokwerera mabasi, amene ndinakuuzani kuti foni yanu sinalodzedwe, munangoigwetsera m'ndowa. Sindinasinthe kwambiri, koma Mulungu wayambapo ntchito. Abusa andipatsa mphindi zochepa, ndipo ine zozungulira sindikonda, ndiye mvetserani.

Atate anga anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno. Iwo sukulu analekezera panjira. Nditamaliza digiri yanga yoyamba ya zamakompyuta, anapachika chithunzi changa cha gauni pakhoma la pabalaza. Kenako anatenga hamala, nakhoma msomali wina pambali pake. Msomali wopanda kanthu.

Ndinati, "Atate, uwu ndi wa chiyani?"

Anati, "Wa chithunzi chachiwiri. Ukachite digiri yachiwiri, masitazi."

Mukukumbukira, mpingo uno unandiperekeza. Munandiimika pomwe ndaima pano, munandisanjika manja, amayi ena mpaka kululutira. Ndinalembetsa pa yunivesite ina ku Lusaka, maphunziro a masana, tsiku lililonse m'kalasi. M'mawa minibasi, madzulo minibasi. Makondakitala anayamba kundiitana, "Ba Masitazi, kwelani kutsogolo!" Ndipo ndinkakweradi kutsogolo, mapewa m'mwamba.

Chaka chimodzi chokha, abale. Makosi anayi ndinakhoza. Koma fizi ankaifuna yonse pakamodzi, minibasi inkadya yake tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wokhala m'kalasi tsiku lonse sagwira ntchito. Penshoni ya atate inaphwa ngati chithaphwi m'chilimwe. Ndinasiya. Ndisakunamizeni kuti ndinapumira kaye. Ndinasiya.

Ndinapeza katebulo, ndinayamba kukonza mafoni. Makondakitala aja dzina lija sanalisiye. "Ba Masitazi, chaja yanga yafa!" Dzina lomwelo, koma tsopano linali ndi mano. Kutchalitchi kuno ndinasiya kubwera. Mukudziwa chifukwa chake? Lamlungu la chiyamiko, lija omaliza maphunziro amabwera atavala magauni, n'kumavina kuchokera pakhomo mpaka kuguwa. Ndinakhala kumbuyo kamodzi, ndinaonerera, ndinatuluka nyimbo ili pakati. Ndinamuuza Mulungu kuti, "Ngati muli ndi ana anu okondedwa, khalani nawo." Inde, ndinatero. Musandiyang'ane choncho. Enanu munanenapo zoposa pamenepa, kungoti simunapatsidwe maikolofoni.

Kunyumba msomali uja unkandiyang'ana. Ndinapachikapo chipewa changa chothimbirira kuti ndisauone. Atate ankangochidutsa. Zaka ziwiri, sananene kanthu. Bola akanandikalipira.

Sikuti sindinafufuze. Ndinafufuza! Mabandulo anga ankathera pa intaneti, kusaka masitazi ophunzira uli kwanu, amtengo woti munthu n'kukwanitsa. Ena mitengo yake inali ya madola, yoti ukaiwerenga umatseka foni n'kupempha madzi akumwa. Ena otsika mtengo mokayikitsa: ukangolemba nambala yako, mawa lake munthu akukuimbira kuti wapata malo, utumize ndalama lero lomwe. Ine wokonza mafoni, fungo la wakuba ndimalidziwa. Mapeto ake ndinagamula ndekha kuti sukulu yophunzira uli kutali ndi ya anthu amitundu iwiri: olemera ndi opusa. Nkhani ndinaitseka.

Katebulo kanga kanali ndi mwendo umodzi waufupi, kankagwedera ndikamawotcherera mawaya. Tsiku lina ndili wokwiya ndinapisa m'chikwama, ndinapeza pepala la zotsatira za makosi anayi aja, lokhala ndi chidindo cha yunivesite. Ndinalipinda kanayi, ndinalilowetsa pansi pa mwendowo. Tebulo linakhazikika. Ndinati, "Eya, masitazi apeza ntchito."

Tsopano mverani mmene Mulungu amachitira. Sanatume mngelo. Anatuma kasitomala wovuta.

Linali Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo. Anafika mayi wina wa imvi, thukuta lili chuchuchu, laputopu ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Anali Ba Mwiinga, mphunzitsi wa ku Nangongwe. Nthawi imeneyo sindinkawadziwa.

Anati, "Iwe mwana, iyi laputopu yazima. Nifuna iyake manje manje."

Ndinati, "Ba mami, pali anthu atatu patsogolo panu. Mubwere mawa."

"Mawa kulibe! Asainimenti ifunika kupita lelo, faifi koloko ikalibe kukwana."

Ndinati, "Ndiye mwana wanuyo bwanji sanabwere yekha? Ana a masiku ano, kutuma makolo padzuwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wa ndani? Asainimenti ni yanga."

Ndinaitsegula laputopuyo. Vuto linali laling'ono, kawaya ka batire kanamasuka. Itayaka, pasikirini panatuluka ntchito yawo, ya kuteteza makompyuta a pasukulu kwa akuba a pa intaneti. Pamwamba pake palembedwa kuti masitazi. Abale, kosi yomweyo imene ine ndinakhoza ndili ku Lusaka! Ndipo pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati, "Apa mwalakwitsa. Chithunzi ichi chikutsutsana ndi zimene mwalemba pansipa."

Anati, "Iwe, nakupatsa kukonza laputopu olo kuchonga?" Koma anawerama, anayang'anitsitsa, nati, "Mmm. Uvidziwa bwanji ivi?"

Ndinawauza mwachidule, mokalipa. Atandiuza kuti amaphunzira ali kwawo, ndinawonjezera kuti sukulu zawo za pafonizo ndi za olemera ndi opusa.

Ba Mwiinga anaseka mpaka kukhala pabenchi. "Nili na bana banayi na malipilo ya tichala. Nioneka monga wolemela? Nioneka monga wopusa?"

Funso lachiwirilo ndinaopa kuliyankha.

Anandifotokozera ali chikhalire pabenchipo. Yunivesite yake ndi ya mu Zambia momwemuno, yovomerezeka ndi boma, ndipo iwo anakatsimikiza okha asanapereke ngakhale ngwee imodzi. Umalipira m'makwacha, kosi imodziimodzi, monga mwa thumba lako. Maphunziro amabwera pa intaneti, umawerenga ukaweruka, ku Lusaka umapitako pa mayeso pokha. Ine zaka ziwiri kusaka kutsidya kwa nyanja, chinthu chili pamtunda wa minibasi imodzi! Sindinafunse munthu aliyense, chifukwa ndinkadziona wodziwa zonse.

Kenako anandiyandikira. "Ngati unapasa makosi kwina, bamakuchotsela, subwelezapo. Koma bafuna pepala ya malizauti, ili na chidindo. Kulembetsa kutseka pa Chisanu. Pepala uli nayo?"

Kukapempha lina kusukulu yanga yakale kukanatenga masabata. Popanda pepala, ndiye kuyambiranso pachiyambi n'kulipiranso zonse, ndipo zimenezo sindikanatha.

Anati, "Ili kuti?"

Ndinaloza pansi.

Mayi wa imvi uja anagwada yekha pafumbi, nati, "Nyamula tebulo." Ndinanyamula. Analisolola. Abale, mvula ya zaka ziwiri inadutsa pa pepala limenelo. Kunja kwake kunali kwakuda bii, m'mphepete chiswe chitalawako. Ndinafuna kulitambasula pomwepo, anandimenya padzanja. "Izang'ambika! Kunyumba, pang'ono pang'ono. Iwe uli na nzelu, koma ulibe mutu." Asainimenti yawo inapita nthawi isanakwane, chithunzi chija titachikonza.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, malaiti atapita monga mwa masiku onse. Ndinaika pepala lija pamaso pa atate, ndinawauza zonse, ndi za mwendo wa tebulo zomwe. Ndinkadikira mawu. Iwo anangonyamuka, nakoleza makala, kuwaika m'simbi. Anayala kansalu koyera pamwamba pa pepala, nayamba kulisita, kulitambasula popinda pamodzipamodzi, ndi manja aja ankanyamula zitsulo za njanji.

Poyamba, dothi lokhalokha. Pachiwiri, dzina langa, lotuwa koma lowerengeka. Pachitatu, makosi anayi aja. Atate anaima kaye, anapukuta manja patalauzi. Ine ndinatseka maso, ndinati, "Ambuye, ndinakutukwanani, ndikudziwa. Koma chidindo chokha." Pemphero langa loyamba m'zaka ziwiri linali lomwelo, lalifupi ngati mwendo wa tebulo uja.

Atate anati, "Tamala, tsegula maso."

Chidindo! Chathunthu, chowala, ngati achidinda dzulo. Popinda paja ndili wokwiya, chidindo chinalowa m'kati mwenimweni, kumene madzi sanafike. Ine ndinkapinda ndi mkwiyo, Mulungu ankasunga. Aleluya! Ndati aleluya!

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku yunivesite ya Ba Mwiinga ija, mpando wakumbuyo, pepala lili m'pulasitiki pachifuwa. Mayi wa mu ofesi analigwira ndi zala ziwiri, nati, "Iyi pepala inali ku nkhondo?"

Ndinati, "Ayi, inali pantchito."

Anafunsa kusukulu yanga yakale, zinatsimikizika. Anandichotsera makosi atatu. Yachinayi anati ndibwereze. Ndinakangana nawo, ndinaluza. Ndikuphunzira kuluza, mundipempherere.

Lero moyo wanga uli chonchi. Mafoni ndikukonzabe, sindinasamukire mu ofesi ya galasi ayi. Ndimatenga kosi imodzi, zinthu zikayenda ziwiri. Ndimawerenga kasitomala akachoka, wina asanafike. Malaiti amapita, netiweki imagwa, nthawi zina ndimatumiza ntchito nditaima pamwamba pa benchi, foni m'mwamba ngati ndikulambira. Loweruka ndimapita ku Nangongwe, timawerenga ndi Ba Mwiinga pansi pa mtengo wa mango, tikumwa chibwantu. Timakangana ngati mayi ndi mwana wake. Mayeso oyamba ndalemba mwezi wathawu, ndipo ndakhoza. Ndakhoza, abale!

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere monga mwa pakamwa panga. Ndikuthokoza Ba Mwiinga. Ali pano lero, si a mpingo uno, ndachita kuwakoka. Ba mami, imirirani akuoneni. Musabisale, imirirani! Ndikuthokoza inu amene munkadutsa patebulo panga kundipatsa moni, ine n'kumakuyankhani ngati mwabwera kudzaba. Mundikhululukire. Ndipo wina ngati wakhala pano ndi mapepala ake atawaponya pansi pa matiresi kapena akupondedwa ndi tebulo, ukawatole lero. Ufunse anthu. Utsimikize kaye kuti sukuluyo ndi yoona usanatulutse ndalama. Ndipo kasitomala wovuta usamuthamangitse msanga.

Mwendo wa tebulo uja atate anaukonza ndi thabwa, misomali iwiri basi. Tsiku limene kalata yondivomera inafika, ndinapeza chipewa changa chili pampando. Mwa chizolowezi ndinachipachikanso pamsomali paja. Atate anachichotsa, nandiika nacho m'manja.

Anati, "Chipewa chako upeze pena pochiika. Apa pali mwini wake."

Msomali uli pomwepo, ukadali wopanda kanthu, koma masiku ano ndikamadutsa ndimaupatsa moni. Gauni sindinavale, ndiye zam'manja za gauni musungeko. Koma oimba, mukonzeke. Lamlungu langa likadzafika, nyimbo ikadzatha mudzaiyambenso, chifukwa pali ina ndinaisiya pakati.

Mulungu akudalitseni. Ameni!