Mwana Amene Anamusiyila Malo Kumanda

Moni nonse okhulupilila, ndi inunso amene mumabwela kuchalichi kudzaona nsalu za anzanu. Ndine Zulu wa ku Kaumbwe. Ndikuuzeni mmene ndinatayila mkazi, mwananso atatsala pang'ono kumutsatila.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinali mkamwini ku Nyalugwe, ndipo ndinasiya mkazi wanga Tisa ali ndi pakati n'kupita ku mapulazi a fodya ku Walale, dziko limene lelo timati Zimbabwe. Nditabwela, Tisa anavutika pobeleka. Azimai akuluakulu anati mwamuna anayenda ndi akazi kuja, atchule maina kuti mwana atuluke. Anandikhazika padzuwa kundifunsa maina, m'malo monyamula munthu kupita kuchipatala. Ndikanatchula yani? Ku Walale ndinkagona ndi nsikidzi zokha.

Tisa anamwalila, kamwana kakakazi n'kutsala. Palibe anafuna kukayamwitsa, ati n'katsoka. Ankakamwetsa madzi a phala. Malume a Tisa, a Mwanza, anauza okumba manda kuti asiye malo pambali, poti kamwanako sikachedwa. Ndinamva ndi makutu angawa. Ine anandithamangitsa pamudzi, ndipo mkamwini alibe pakamwa pa mwana.

Ndisanachoke, ndinapemphela pansi pa msekese, pemphelo lopanda ulemu. Ndinati, Mulungu, mwatenga wamkulu, kameneka mukachita nako chiyani?

Yankho linabwela wapansi, litavala mipango yofanana. Anali azimai a bungwe la Akatolika, amene ankayendela odwala ndi ofeledwa. Patsogolo panali Amai Lungu, munthu wamfupi ngati mtondo.

"Bambo Mwanza, tipatseni mwanayo."

"Si wa mtundu wanu, amai."

"Nanga manda ndiwo mtundu wake?"

Amai Lungu anamubeleka mwanayo kumsana osadikilanso yankho. Amene anali ndi makanda anamuyamwitsa mosinthana, lelo kwa uyu, mailo kwa uyo, mpaka masaya anatuluka. Anamutcha Misozi.

Abale, chilonda changa sichinapole, ndisakunamizeni. Tisa akanakhala moyo. Koma ndithokoza Mulungu amene anatuma azimai aja, ine mwamuna ndili chilili ngati chitsa. Inu amene muli m'mayeso, limbikani, thandizo limabwela ngakhale ndi fumbi kumapazi.

Misozi anakula, navala mpango womwewo. A Mwanza atadwala ukalamba, abale awo n'kuwathawa, Misozi ndiye ankapita kukawasambitsa. Ine ndinamuletsa, sanandimvele. A Mwanza atamwalila ndinapita kumalilo, ndipo sindinalile. Ndinangofuna kuona ndi maso anga kumene anawaika: pambali pa Tisa, pamalo paja anasiyila mwana wanga.