A Zuze Anakana Kupha Mkazi ndi Pakamwa

Zaka zimenezo, phiri la Ndirande ili lidakali ndi mitengo yoti munthu ukalowamo masana umamva kuzizira, ndipo maminibasi asanabwere kudzatisokosera ndi mahutala awo, ine ndinali telala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Sendezani mipando, ana inu a kwaya, mvula iyi sikata msanga. Ndakumvani mukukangana za mneneri uja wa ku Machinjiri amene akuti akakupempherera lero, mawa ntchito wapeza, mkuja galimoto, ndiye lekani ndikuuzeni za munthu amene ndinamuona ndi maso angawa, dzina lake a Zuze.

A Zuze anali Msena wa ku Nsanje, wamtali, wa mawu a besi oti akayamba nyimbo mu tchalitchi mabenchi ankachita kunjenjemera, ndipo anabwera kuno kudzagwira ntchito ku fakitale ya nsalu monga ankachitira anthu ambiri a kuchigwa masiku amenewo. Ali mnyamata kwawo anamanga ukwati woyera ndi mtsikana wina dzina lake Jowana, koma iwo atabwera kuno kudzafuna ntchito, Jowana anathawa ndi mwamuna wina n'kuwolokera ku Mozambiki. Anamufunafuna, anatuma abale, koma kenaka kumeneko kunabuka nkhondo ndipo mbiri yake inangoti zii. Patapita zaka, a Zuze anadziwana ndi Elube, Mlomwe wa ku Phalombe amene ankagulitsa zitumbuwa pageti la fakitale, ndipo ankhoswe atakhala pansi anatengana, Mulungu n'kuwapatsa ana, woyamba dzina lake Rozina.

Tsono inu mukudziwa lamulo la mpingo wathu wa Katolika, kuti ukwati woyera suthetsedwa ndi munthu koma imfa. Popeza panalibe wodziwa ngati Jowana ali moyo kapena ayi, a Zuze ndi Elube sakanatha kudalitsa ukwati wawo, ndipo onse awiri sankalandira Ukaristia. Lamulungu lililonse ankalawirira ku Misa, a Zuze n'kuimba ndi mtima wonse, koma ikafika nthawi yoti anthu afole kupita kuguwa, iwo ankatsala pabenchi, n'kupinda maondo kuti anzawo adutse. Inu a masiku ano mwina simungamve kuwawa kwake, chifukwa lero munthu akakuletsa kanthu mu mpingo uno, sabata yamawa uli kale mu wina, kapena wachita lendi kalasi ya pasukulu n'kuyambitsa wako. Koma nthawi imeneyo kutsala pabenchi kunali ngati kukhala pakhomo pa bambo ako ena onse akudya, iwe ukungomva fungo.

Tsiku limene Rozina analandira koyamba, diresi yake yoyera ndinasoka ndine. Potuluka mu tchalitchi mwana uja anagwira dzanja la bambo ake anthu ali pomwepo n'kufunsa kuti, "Ababa, bwanji inu ndi amayi simunabwere kutsogolo? Kodi munalakwa chiyani?" A Zuze anangomusisita kumutu, koma Elube anaphimba nkhope ndi mpango n'kutsogola kunyumba.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Zuze anabwera pakhonde panga, ndipo panali mnzathu wina, a Namakhwa, munthu wosangalatsa koma wodziwa tinjira tonse ta m'tauni. A Namakhwa anati, "Achimwene, mukuzunzikiranji? Zengerezu analinda kwawukwawu. Ine ndi msuweni wanga tipita nanu kwa bambo mfumu, tikanena kuti tinali ku Mutarara, ku Mozambiki komweko, ndipo maliro a Jowana tinawaona ndi maso. Ndani akapite kunkhondo kukafufuza manda? Mwina n'kutheka anafadi. Mwezi uno usanathe mukhala mutadalitsa."

Ine makina ndinaimitsa, chifukwa kunena zoona mawuwo ankamveka okoma. Koma a Zuze anati, "A Namakhwa, mwandimvera chisoni, zikomo. Koma mukuti ndimuphe Jowana ndi pakamwa panga, kenaka pakamwa pomwepo ndikatsegule kuti ndilandirire Ambuye? Bambo mfumu ndingawanamize, nanga amene ndikukalandirayo?"

Musaganize kuti kunyumba anakawaombera m'manja, ayi. Elube atamva kuti njira inapezeka koma amuna ake aikana, anakwiya kwambiri, ndipo malemu mayi anu akunyumba kwanga kuno, amene anali mnzake wa ponda apa m'pondepo, anandiuza kuti Elube anatha masiku osawalankhula. Ankati, "Ine ndinalakwa chiyani? Wothawa anathawa yekha, koma chilango ndikusenza ndine." Ndipo ndani akanamutsutsa? Komabe sanachoke, ndipo Lamulungu lotsatira tinawaonanso awiriwo pabenchi lawo lomwe lija, mapewa atagundana.

Zaka zinapita, ana anakula, mitengo ya m'phiri inayamba kutha ndi nkhwangwa, ndipo paja akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina mayi wina wa ku Nsanje wogulitsa milamba youma mumsika anaimitsa a Zuze n'kuwauza kuti wamuona Jowana kuchipatala chachikulu m'tauni. Mwamuna amene anathawa naye uja anafera kunkhondo, ana analibe, ndipo Jowanayo anafa ziwalo mbali imodzi. Wachibale amene anabwera naye anabwerera kumudzi osatsanzika, madokotala anali atamutulutsa, koma panalibe womutenga, moti ankangogona pakhonde la wodi n'kumadya zimene amulonda a odwala ena amugawira.

A Zuze anafika pakhonde panga, ndipo a Namakhwa, amene sankasowa pamenepo, atamva anati, "Basitu, Mulungu wayankha. Inu musachite kanthu, musapiteko n'komwe. Mmene akumufotokozeramo, mvula ikubwerayi saimaliza. Simunamuphe ndinu, simunanamize munthu, mungodikira pang'ono basi."

Mukuona, ana inu, shotikati yachiwiriyi inali yoopsa kuposa yoyamba ija, chifukwa sinkafuna bodza, sinkafuna mboni, inkangofuna kuti munthu apinde manja. Ndipo machimo ambiri amene ndaona pa moyo wanga ndi otero, ochimwa uli khale pampando.

A Zuze anangopita kunyumba n'kukamuuza Elube zonse, osabisa ngakhale mawu a a Namakhwa. Anati, "Amake Rozina, ine sindingakukakamizeni. Munthuyu anandilakwira ine, ndipo inu wakulakwirani koposa osakudziwani n'komwe. Koma ndikamusiya pakhonde paja, sindidziwa ngati ndidzathenso kuimba." Elube anali akusankha nyemba pa lichero, ndipo akuti anapitiriza kusankha ngati sanamve, mpaka anamaliza. Atatero analowa m'nyumba, anatenga beseni, sopo ndi zitenje ziwiri, n'kunena kuti, "Tiyeni, dzuwa lisanapendeke."

Nyumba yawo inali kumtunda, kumene galimoto silifika chifukwa cha miyala, ndipo zimene ndinaona tsiku limenelo sindidzaiwala. Pochokera kuchipatala, galimoto la matola linawatsitsa kumsewu, ndipo Elube, mayi wamfupi chabe, anawerama n'kumubereka Jowana kumbuyo ndi chitenje ngati khanda, a Zuze akuchirikiza miyendo yolobodokayo, n'kuyamba kukwera chitunda anthu atangoti kakasi m'makomo. Azimayi a pampopi anasiya ndowa zikusefukira.

Anamupatsa chipinda cha ana, ndipo Elube ndi amene ankamusambitsa, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kumumwetsa phala ndi supuni, ndiponso kumuwongola dzanja lakufalo m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda. Ankamuitana kuti "akulu anga". Anthu sanalephere kulankhula, paja pakamwa pa anthu sipatsekeka. Ena ankati a Zuze ayamba mitala, mpaka akuluakulu a mphakati wathu, kagulu kaja ka Akhristu oyandikana nyumba, anapita kukaona okha, koma atapeza mmene zinthu zinalili anabwerako, ndipo sabata yotsatira anatumiza ufa ndi makala. Ena ankamuseka Elube pamaso kuti, "Iwe ndiye wopusa, ukunenepetsa chitseko chimene chakutsekera tchalitchi." Iye ankangoti, "Chitsekocho chimamva njala ngati inu nomwe."

Jowana naye anali ndi makutu. Atayamba kulankhula bwino, tsiku lina anakana kudya, anafumbata milomo n'kutembenukira kukhoma, ndipo tsiku lotsatira chimodzimodzi. Mayi anu akunyumba anali pomwepo pamene Elube anamufunsa chifukwa chake, ndipo Jowana akulira anati, "Ndisiyeni ndizipita, mayi. Ndamva zonse. Ine ndi amene ndakuimikani panja zaka zonsezi. Ndikafa mudalitsa ukwati wanu, ndiye mukundidyetseranji?"

Elube anakhala pamphasa, anamudzutsa n'kumutsamiritsa pachifuwa pake, ndipo anati, "Akulu anga, tsegulani pakamwa. Kuguwa ndikufunako, sindinama, ndakulirira zaka zambiri. Koma sindidzafikako podutsa pa manda anu. Idyani, phala likuzizira." Ndipo Jowana anadya, misozi ikugwera m'mbale momwemo.

Kodi mukuganiza kuti anamwalira chaka chimenecho monga ananenera a Namakhwa? Ayi ndithu, chisamaliro ndi mankhwala. Mayi uja anachira mpaka kumakhala pakhonde, n'kumasenda nandolo ndi dzanja limodzi, kuphunzitsa ana nyimbo za Chisena, ndipo bambo mfumu ankabwera kudzamupatsa Ukaristia kunyumba atalapa. Taganizani, ana inu, wothawa uja akulandira m'nyumba mwawo momwe, Elube atayala nsalu yoyera patebulo ndi kuyatsa kandulo, kenaka iye ndi amuna ake n'kugwada pambali manja ali pachifuwa. Bambo mfumu wina wachikulire potuluka m'nyumbamo anapukuta magalasi ake nthawi yaitali, ndipo anandiuza kuti, "A telala, ine ndimabweretsa Ambuye m'nyumba muno, koma ndikafika ndimapeza anafika kale."

Jowana anakhala nawo zaka zambiri, moti Rozina anakula mpaka kukwatiwa iye akadali moyo, ndipo pa Misa ya ukwati wa mwana wawo makolo aja anatsalanso pabenchi. Koma ulendo uno Rozina sanafunse kanthu. Atalandira, anatsika ndi velo yake n'kudzagwada pamaso pawo, anthu onse akuona.

Jowana anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, mutu uli pamiyendo ya Elube. A Zuze anagula bokosi labwino, anaitana abale a ku Nsanje, anaimba okha pamaliropo, ndipo anthu ena ofulumira atayamba kunena za ukwati tisanachoke n'kumanda komwe, iwo anati, "Taikani munthu kaye. Tilire." Analiradi mpaka chaka chinatembenuka, ndipo pokhapo m'pamene anapita kukalembetsa ukwati.

Suti ya a Zuze ndi diresi ya Elube ndinasoka ndine, ndipo poyeza ndinaona kuti msana wa mkulu uja unali utayamba kupindika, pamene mkwatibwi mutu wonse unali mbuu ndi imvi. Tchalitchi chinadzaza mpaka panja, a Namakhwa ali kutsogolo kwenikweni ndi tayi yobwereka, akuuza aliyense kuti awa ndi anzawo a kalekale. Adzukulu ndi amene anagwira maluwa. Itafika nthawi yolandira, bambo mfumu anaima kudikira akwati kuti ayambe ndiwo, koma a Zuze, chifukwa cha chizolowezi cha zaka zonse zija, anangokhala pansi n'kupinda maondo kuti ena adutse. Pamenepo Elube anawakoka mkono wa jekete n'kunena mokweza kuti, "Bambo a Rozina, dzukani. Lero ndi ife." Ana inu, ine ndaona maukwati ambiri, a magalimoto ndi makamera, koma sindinaonepo azibambo akulira ngati tsiku limenelo, ndipo kwaya inalephera kuyamba nyimbo mpaka azimayi anangoyamba nthungululu.

Masiku ano zonse mukuzifuna za pompopompo. Mayeso mukufuna akuonetseni usiku wake, ntchito mukufuna ya pawindo, chuma mukuchisaka pa kubetcha pafoni, ndipo ngakhale Mulungu mukufuna akuyankheni ngati wa kabaza, mukangokweza dzanja aime. Sindikukudzudzulani, moyo wa m'tauni wawawa, ndipo njala siidikira munthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo musanadumphe mpanda uliwonse muziyamba mwasuzumira kuti kuseriko mukaponda ndani, chifukwa njira zambiri zachidule zimadutsa pamsana pa munthu wina.

A Zuze anatisiya kale, analandira zaka zochepa chabe asanapite. Koma Elube alipo. Ndi gogo uja amakhala kumanzere pafupi ndi khomo, wa ndodo ya nsungwi, amene mumamupitirira pothamangira kukagwira malo a kwaya. Akamapita kuguwa amayenda pang'onopang'ono mpaka mzere wonse umaima, ndipo ndakuonani ena a inu mukuyang'ana mawotchi. Lamulungu likubwerali musamuthamangitse. Mmodzi wa inu akamugwire dzanja, ndipo muyende naye pa liwiro lake lomwelo.