Mpata Wolowa Silabasi Imodzi Yokha

Olemekezeka amayi wapampando wa bungwe la makolo ophunzitsa ana a sekondale kunyumba, olemekezeka alangizi a maphunziro, amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe, olemekezeka aphunzitsi athu opuma, amene ana onse muno amakutchulani kuti Achoko ngakhale choko munachisiya kalekale, olemekezeka eni nyumba ino, amene munatulutsa katundu wanu m'chipinda chino kuti mulowe mabuku, amayi osunga mabuku, makolo anzanga, ndi inu ana athu, amene mwakhala kumbuyoko ngati mwambowu ndi wa anthu ena: ndakulonjerani nonse.

Atabwera amayi wapampando ku shopu kwanga kudzandiuza kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinayesa kuti abwera kudzadandaula za mashelefu amene ndinakhoma muno. Ndinafika potenga tepi kuti tikayezenso. Ine ndine kalipentala. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti mawu anga ndi ochepa kuposa misomali ya m'thumba mwanga. Koma iwo anati, "Bambo, sitikufuna munthu wodziwa kulankhula. Tikufuna munthu amene analakwitsa n'kupulumuka." Pamenepo ndinavomera, chifukwa pa kulakwitsako palibe wondiposa muno.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Ndikuthokoza amene munapereka mabuku, ngakhale aja ong'ambika chikuto. Amene munapaka utoto makomawa Loweruka latha mpaka zovala zanu zinasintha mtundu. Ndi amene munanyamula mipando pamutu kuchokera kunyumba kwanu, moti lero ana anu adyera chakudya pansi. Chipinda chino si chachikulu, koma ndachiyeza ndekha, ndipo ndikukuuzani kuti chimene chalowamo n'chachikulu kuposa makoma ake.

Tsopano mundilole ndikambe nkhani imodzi, kenaka titsegule.

Ine ndi malemu akazi anga tinapatsidwa mwana mmodzi, wamkazi, amene wakhala apoyo pafupi ndi zenera, ndipo akundiyang'ana ndi diso loti ndisatalikitse. Amayi ake ankamutchula kuti Mafunso, chifukwa anayamba kufunsa asanayambe kuyenda. Mwanayu ali ndi matenda a magazi amene amamugoneka sabata ziwiri, nthawi zina zitatu, popanda kuodira. Atayamba sekondale, akachira n'kubwerera m'kalasi ankapeza anzake ali patali, ndipo asanawapeze ankagweranso pabedi. Amayi ake anali mphunzitsi. Anasiya ntchito, nati, "Sukulu sidikira wodwala. Ndiye sukuluyo ibwere kunyumba, tiidikiritse tokha."

Ndinakhoma tebulo, tinaliika m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, ndipo Fomu 1 ndi Fomu 2 zinayenda bwino. Ine mbali yanga inali kungozimitsa makina ochekera matabwa akamawerenga.

Kumapeto kwa Fomu 2, amayi ake ndi amene anadwala. Sindinena zambiri pamenepo. Ndingonena kuti pa miyezi imene anagona, anandituma makope awiri a chikuto cholimba, kuwonjezera pa awiri amene anali atadzaza kale, ndipo analemba maphunziro onse a Fomu 3 ndi Fomu 4, sabata ndi sabata, tsiku ndi tsiku. M'mphepete mwa masamba ankalemba ndi inki yofiira, kulembera ine. Pena analemba kuti, "Bambo ake, mufunseni chifukwa chake mnyamata wa m'nkhaniyi ananama. Akayankha msanga ndiye kuti sanaganize, mufunsenso." Pena analemba kuti, "Apa musamuuze yankho ngakhale mukulidziwa." Ndipo pansi pake, ndi zilembo zing'onozing'ono, "Ndikudziwa kuti simukulidziwa."

Sekani, palibe kanthu. Inenso ndinaseka, tsiku limene ndinaganiza kuti sindidzasekanso.

Titaika maliro, abale anabwera ndi nzeru zawo, ndipo zinali nzeru zachikondi. Mlamu wanga anati mwanayu abwerere kusukulu ngakhale azijomba. Mchemwali wanga anati ndigule maphunziro a pa foni, amene mwana amangoonera mphunzitsi akulankhula. Mnzanga wina wa matabwa anati mtsikana wodwaladwala aphunzire kusoka basi, satifiketi adzaitani. Ine ndinamvera onse, sindinatsutse aliyense, kenaka ndinatsegula kope lachitatu pa tsamba loyamba. Ndinati amene anamudziwa mwanayu kuposa tonsefe analemba kale njira, ine ndine yani kuti ndiisinthe.

Chaka chathunthu tinayenda m'kopemo osalumpha mzere. M'mawa uliwonse, kuyambira eyiti koloko mpaka dzuwa pamutu, ine ndinkawerenga zofiirazo mokweza, mwana n'kumayankha. Masamu a ngodya ndinkamuonetsa ndi sikweya yanga yoyezera ngodya pa mitengo ya denga, iye n'kumati, "Bambo, m'chipinda cha mayeso salola kulowa ndi sikweya yanuyi." Tinamaliza kope lachitatu, tinayamba lachinayi. Ndinkanyada. Ndinkayenda mumsewu ngati munthu amene wasunga lonjezo.

Itakwana nthawi yolembetsa mayeso a Fomu 4, tinapita ku ofesi, poti ana athu ophunzira kunyumba amalembetsa paokha. Tinaima pamzere, tinafika pazenera. Amayi a pazenerapo anatilandira bwino, ndipo atadinda mapepala anatipatsa chikalata cha silabasi, nati, "Pa phunziro la nkhani, masewero ndi ndakatulo, chongani mabuku atatu amene mwanayu wawerenga."

Ndinayang'ana mndandanda wa mabukuwo kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndinayang'ananso kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mwa mabuku atatu amene tinakhala nawo chaka chathunthu, panalibe ngakhale limodzi.

Ndinati, "Amayi, mwina mwatipatsa pepala la anthu ena."

Iwo anati, "Ayi bambo, silabasi inasintha. Ya chaka chino ndi imeneyi. Ngakhale m'sayansi muli mitu yatsopano. Kodi mwanayu amaphunzira kuti?"

Ndinati, "Kwa ine."

Anangondibwezera mapepala aja, naitana wotsatira pamzere.

Makolo anzanga, imvani apa. Silabasi ikasintha, kalata imafika kwa mphunzitsi wamkulu, amaiwerenga pamsonkhano wa aphunzitsi, amaikhoma pakhoma. Kunyumba kwa kalipentala sikufika kalata. Silabasi inasintha chaka chomwecho chimene akazi anga anatisiya, ndipo iwo sakanadziwa. Wolakwa ndinali ine, amene ndinali ndi miyendo ndi pakamwa koma sindinafunse munthu. Ndinalera Mafunso m'nyumba mwanga, ine mwini ndili Safunsa amene anadya phula. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti mayeso ayambe.

Tinatuluka, tinakhala pa benchi podikirira basi. Basi yoyamba inabwera, inapita, ife tili pomwepo. Kenaka mwana anati, "Bambo, ine ndinkadziwa."

Ndinati, "Unkadziwa chiyani?"

Iye anati, "Kuti mabuku anasintha. Mnzanga wa kusukulu uja anandiuza chaka chatha. Limodzi anandibwereka, ndinaliwerenga nthawi ija ndinagonekedwa m'chipatala. Enawo sindinawapeze."

Ndinati, "Nanga bwanji sunandiuze, mwana iwe? Ukudziwa kuti ukanatha kulephera?"

Anayang'ana nsapato zake, nati, "Chifukwa mukamawerenga zofiira zija ndi pomwe mumalankhula. Tsiku lonse mumangokhoma misomali. Ndinkaopa kuti tikatseka makopewo, inunso mutseka pakamwa."

Mundipatse kamphindi.

Zikomo. Ndimati, tsiku limenelo ndinazindikira kuti chaka chonsecho ine ndinkayesa kuti ndikuphunzitsa mwana, pamene mwana ndi amene ankalera bambo ake, ndipo ankalipira ndi mayeso ake.

M'mawa mwake ndinanyamula makope onse anayi kupita nawo kwa Achoko, amene nthawi imeneyo ndinkangowadziwa ngati munthu amene ndinamukonzera chitseko. Anawerenga pafupifupi ola lathunthu ine nditakhala pakhonde. Atatuluka anati, "Mmisiri, munthu akakusiyira pulani ya nyumba, iwe n'kupeza kuti malo omangapo asintha, umatani?"

Ndinati, "Ndimayezanso."

Iwo anati, "Ndiye wadikira chiyani? Akazi ako sanakusiyire mabuku atatu. Mabuku amabwera n'kupita. Anakusiyira kaphunzitsidwe. Taona, tsamba lililonse akunena chimodzimodzi: mwana awerenge, atseke buku, afotokozere munthu amene sakudziwa. Ndipo munthu wosadziwa sufunika kukamufuna kutali."

Achoko, mawu amenewo anandiwawa, koma anali mankhwala.

Panali njira ziwiri: kudikira chaka china, kapena kulemba chaka chomwecho. Ulendo uno sindinasankhe ndekha. Ndinafunsa mwini wake. Iye anati, "Thupi langali sindilidziwa kuti chaka chamawa lidzakhala bwanji. Ndilemba chino." Tinakhala pansi atatu, silabasi yatsopano ili patebulo. Tinali ndi maphunziro asanu ndi anayi, chifukwa ine ndinkafuna anthu adzanene kuti mwana wa kalipentala analemba ambiri. Achoko anafunsa mwanayu kumene akufuna kupita. Iye anati akufuna kudzagwira ntchito yoyeza magazi, poti magazi amuvutitsa mokwanira ndipo akufuna kuwaona maso ndi maso. Tinasiya maphunziro awiri amene sakanamufikitsa kumeneko, tinatsala ndi asanu ndi awiri.

Kenaka tinatembenuza tebulo. Mwana anakhala mphunzitsi, ine wophunzira. Ankawerenga yekha, n'kutseka buku, n'kubwera m'shopu kudzandifotokozera ine ndikupala thabwa. Ndikapanda kumva, ndiye kuti iye sanamve, ankabwerera. Ndinaphunzira kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, ndinafunsa kuti zitseko zake zimatsekukira mbali iti, ndipo funso lopusa limenelo linamubweza ku buku katatu mpaka anadziwa zotsekera za mtima ngati dzina lake. Pa kemisitiri ndinkasinza, sindibisa. Iye ankagogoda tebulo ndi hamala yanga yomwe, nati, "Mnyamata wa kumbuyoko, tabwereza zimene ndanenazi." Ndipo taonani, ndinapezeka ndikulankhula tsiku lonse, popanda inki yofiira.

Zimene sitikanatha awiri tinapita nazo kwa ena. Makina oonera tizinthu tating'ono tinawapeza kwa Achoko. Amayi wapampando, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa ana awo awiri kunyumba, anamutenga mwanayu Lachitatu lililonse pa masamu, ine n'kumaphunzitsa ana awo kujambula mapulani. Buku lachitatu la silabasi yatsopano tinalisowa kwa miyezi itatu yathunthu, ndipo linapezeka kwa amayi osunga mabukuwa, pansi pa katoni. Bungwe lathuli linabadwa chomwecho, pobwerekana ndi kufunsana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo izi akunena ndi munthu amene wakhoma madenga ambiri.

M'miyezi isanu ndi iwiriyo anadwala kawiri. Kachiwiriko ndinamuwerengera buku m'chipatala, iye n'kumandikonza katchulidwe maso ali otseka. Analemba mayeso onse. Anakhoza maphunziro onse asanu ndi awiri, ndipo limene anakhoza kwambiri ndi lomwe lija la mabuku atatu. Lero ali chaka chachiwiri ku koleji, akuphunzira zoyeza magazi.

Dikirani kaye ndi m'manjamo, ndatsala pang'ono. Kapena ayi, ombani, si anga. Mwana wanga, imirira akuone. Amayi ako akanati waima mokhota, koma akananyada.

Makolo anzanga, ine si mlangizi wa maphunziro, alangizi ali pano ndipo adzakuuzani zambiri. Changa n'chochepa. Musanasankhe buku, dziwani mayeso amene mwana adzalembe ndi chaka chimene adzalembe, ndipo mukafunse ndi miyendo yanu chaka chilichonse. Musasankhe maphunziro kuti anansi akutameni. Funsani mwana kumene akupita. Chimene simukuchidziwa musachibise, chifukwa kusadziwa kwa kholo nakonso ndi chipangizo, mukachigwira bwino. Ndipo pa zimene okondedwa athu anatisiyira, tiphunzire kusiyanitsa chimene chimakalamba ndi chimene sichikalamba.

Makope anayi aja ndabwera nawo. Ndakambirana ndi mwana wanga, ndipo tagwirizana kuti akhale muno, aliyense aziwerenga. Pa chikuto chilichonse ndalemba chaka chake ndi pensulo yanga ya matabwa, zilembo zikuluzikulu, kuti wina asadzagwe m'dzenje langa. Zolembedwa ndi inki yakuda zinatha ntchito. Zofiirazo werengani, sizinathe.

Chomaliza. Ena mwandifunsa za kampata kopyapyala kamene ndakhoma pa shelefu ya pafupi ndi chitseko, ndipo eni nyumba anandinong'oneza kuti mwina thabwa linandithera. Silinathe. Ndinayeza dala. Mpata umenewo ndi wa silabasi, ndipo mumalowa imodzi yokha. Kuti muikemo ya chaka chatsopano, muyenera kuyamba mwatulutsa yakale ndi dzanja lanu. Kutulutsako kumawawa, ine ndikudziwa. Koma kunja kuli mashelefu ambiri osungirapo zakale mwaulemu.

Mafunso, bwera kuno, mwana wanga. Alangizi akupatsa silabasi ya chaka chino. Yang'ana chaka chake kaye. Chabwino, ikamo.

Yakwana.

Olemekezeka amayi wapampando, alendo athu, makolo ndi ana nonse, ndi mphamvu imene mwandibwereka lero, komanso m'malo mwa mphunzitsi amene anayenera kuima pano osati ine, ndikulengeza kuti chipinda chino cha mabuku ndi maphunziro chatsegulidwa. Lowani, werengani, ndipo funsani.

Zikomo kwambiri.