Taonga Anasiya Kulankhula

Abale anga mwa Ambuye, ine ndine NyaGondwe, ndimachokera ku Chifunda. Ambiri mumandiona ndikuimba kuno kutsogolo, koma simudziwa mmene ndinalili.

Amuna anga anaphedwa ndi njovu kumunda, chimanga chili pafupi kukhwima. Titawaika m'manda, ndinatseka pakamwa. M'nyumba mwathu dzina lawo silinkatchulidwa. Ndinkaopa kuti ndikayamba kulira sindidzaleka. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinayamba kumwa mowa pang'onopang'ono, kuti mtima ukhale pansi.

Mwana wanga wamkazi, Taonga, anali mu giredi seveni. Anali mwana wa phokoso, wokonda mpira wamanja. Maliro atatha, anangoti zii. Ndinati ndi chisoni, chidzapita. Mvula ina inabwera, chimanga china chinamera, iye osasintha. Chakudya ankangochigwiragwira. Masana ankagona atayang'ana kukhoma. Anzake akamuitana, ankati mutu ukuwawa. Mng'ono wake akamukhudza, ankakalipa.

Anamupima malungo, osapezeka. Ena anati walodzedwa. Ena anati wayamba mwano wa utsikana. Ine ndinkamva zonse ndi kuopa zonse. Ndikapita kotunga madzi, ndinkabwerera mothamanga, osadziwa chimene ndikuthamangira. Koma kumufunsa sindinamufunse.

Tsiku lina tikukolola, ndinamupeza atakhala pansi pakati pa mapesi. Ndinati, "Nyamuka, dzuwa likukwera."

Anayankha osandiyang'ana. "Amama, ndine ndinawaitana atate. Ndinaona njovu, ndinathamanga kukawauza. Ndikanakhala chete, bwenzi alipo. Bola ndikanafa ine."

Chaka chonse mwana ananyamula zimenezi yekha, ine ndili pomwepo. Ndinagwada m'mapesimo, ndinati, "Yesu, sindidziwa chonena. Ndithandizeni, mwana wanga asandichoke." Ndi pemphero loyamba limene ndinapemphera chimwalirire amuna anga.

Mlongo wanga anatikweza panjinga kupita kukiliniki, iye akuyenda pansi. Tinapeza nesi wina wochokera kutauni, mayi wodekha. Anayamba kucheza ndi Taonga payekha. Ine ndinadikira panja. Kenako anandiitana.

Anandiuza kuti mwanayo akudwala matenda a maganizo, chisoni chimene chimakhazikika osachoka. Anati ana nawonso amadwala, ndipo nthawi zina zimaoneka ngati ulesi, ukali kapena mutu wosatha. Ndinafunsa ngati kulankhula za imfa sikungamuonjezere maganizo oipa.

Anati, "Ayi, amama. Mufunseni poyera ngati akuganiza zodzipweteka. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akayankha, musamudzudzule. Mumvetsere, kenako mubwere naye kuno msanga."

Titabwerera kunyumba, ndinakhala naye pakhonde. Ndinatchula dzina la atate ake. Ndinamuuza kuti mwana aliyense akanathamanga monga anachitira iye, ndipo atate ake akanapita kumunda ngakhale popanda wowaitana. Sanandikhulupirire tsiku lomwelo. Koma analira, inenso ndinalira.

Mowa ndinausiya sabata yomweyo. Sizinali zophweka, koma ndinkafuna kuti akandifuna andipeze ndili bwino. Amayi a mumpingo uno anayamba kubwera kudzapemphera nafe. Kukiliniki tinkapitabe monga anatiuzira. Sindinaone kuti ziwirizi zikulimbana. Mulungu anatithandiza kudzera monsemo.

Sindingakunamizeni kuti zonse zinatha. Manje Taonga anabwerera kusukulu, amadya, nthawi zina amaseka. Koma alipo masiku amene amadzuka atalemedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti manje ndimamufunsa, "Lero mumtima muli bwanji?" Ndipo amandiyankha. Ngakhale kuti ndiime pano lero, ndinayamba ndamupempha. Anati, "Kanenani, mwina wina ali ngati ine."

Ndikuyamika Ambuye Yesu amene anandimva m'munda muja, ndili wopanda mawu abwino. Anandichotsa mu mowa, anatsegula pakamwa panga, anandisungira mwana. Dzina lake lilemekezeke.

Inu makolo anzanga, ngati muli ndi mwana amene wangoti zii kwa nthawi yaitali, musadikire mmene ndinadikirira ine. Mukafika kunyumba, khalani naye pansi, mumufunse. Ngati mukuopa kupita nokha kukiliniki, mundipeze tikatuluka. Tidzapitira limodzi.