Dimba la Bambo Anga ndi Tsitsi la a Zuze

Nthawi imeneyo sitima zapamadzi zinali zikadakwera mu Shire, njanji itangofika kumene kuchigwa kuno, ndipo ine ndinali mtsikana wotha msinkhu kwathu ku Nyachikadza, wamakani ngati mmene mukundidziwiramu, koma wokongola kuposa nonsenu. Sekani, mano muli nawo. Masiku ano munthu akasowa amathamangira kokongoza ndalama n'kukadinda chala papepala, koma ife mapepala tinalibe, tinali ndi chikole. Ukabwereka chakudya unkaloza chinthu chako anthu akuona, kaya mbuzi, kaya bwato, kaya munda, n'kunena kuti ndikalephera kubweza mudzatenge chimenechi.

Chaka china mvula inakana, mapira ndi mchewere zinapserera kumtunda, ndipo tinayamba kukhalira nyika, timizu ta m'madzi tija mumatinyoza lero, mpaka nazonso zinayamba kusowa chifukwa mudzi wonse unkagwera m'thamanda limodzi. Bambo anga, a Chapo, ataona kuti azing'ono anga ayamba kutupa mapazi, anapita kwa a Zuze, munthu wamalonda amene anachokera kutsidya kwa Apwitikizi, wa nkhokwe zosatha ndi akazi awiri. A Zuze anawapatsa mapira, ndipo bambo analoza dimba lathu kukhala chikole. Dimba limenelo analilambula okha m'mabango ndi khasu lawo, ndipo ndilo linkatipatsa mbatata, chimanga ndi maungu chilimwe chonse. Popanda ilo tinalibe podalira.

Njala itatha, panabuka njala ina ya milandu. Anthu ankalandana mbuzi, kukokerana mabwato, abale kusiya kupatsana moni chifukwa cha dengu la mapira. Ndiye akuluakulu a midzi yoyandikana anakumana pansi pa mtondo n'kugwirizana kuti aliyense abweze zimene angathe pa zokolola zoyamba, zotsalazo zife, wina asalondolenso mnzake pakhomo chifukwa cha chakudya cha m'njala. Koma eni nkhokwe anadandaula kwambiri, motero anawonjezerapo mawu akuti amene analozeredwa chikole ali ndi ufulu wobwera pabwalo kudzachitenga. Mwamva bwino pamenepo? Ngongole inafa, koma chikole chinatsala chili ndi moyo. Bambo anapereka kadengu kamene anakwanitsa, ndipo tinakhala mitima ili m'mwamba kudikira tsiku limene a Zuze adzabwere.

Sanabwere. Dimba lathu nthawi imeneyo mvuu zinkalowamo ngati kwawo, ndiye ankaliona lopanda phindu, komanso maso awo anali pa chinthu china. Chinthu chimenecho ndinali ine. Ankadutsa pakhomo pathu popanda chifukwa, atavala chipewa chawo chachikulu, n'kumafunsa madzi akumwa chikhalirecho mtsinje uli pomwepo, ndipo amayi ankandituma ndi chikho, ine n'kumapereka nditayang'ana kumbali.

Patapita mvula zingapo bambo anadwala chifuwa n'kutisiya. Apa tcherani khutu, inu amene mumathawa pamaliro mukangodya. Kwathu maliro sankatha ndi kuika m'manda, ankatha tsiku lometa, pamene abale onse a malemu ankametedwa mpala, tsitsi lawo n'kulisonkhanitsa pamodzi kukalikwirira. Tsiku limenelo mkulu woyendetsa maliro, amene kuno timati nyalumbi, ankaimirira pakati pa anthu n'kufunsa mokweza kuti, "Alipo amene munthuyu wapita ndi chake? Wa ngongole, wa chikole, wa mawu alionse, anene lero tsitsi lisanapite pansi." Ukanena, abale ankasenza nkhani yako. Ukakhala chete, nkhani yako inkapita limodzi ndi tsitsi, chifukwa wakufa sangabwerenso kudzakutsutsa, ndipo si bwino kuti ana ake azikhala moyo wawo wonse akuopa alendo obwera ndi milandu yakale.

A Zuze anabwera ndi mbuzi yonenepa, ndipo m'malo mokhala kwa alendo anadzakhala pamphasa pathu, pakati pa abale, n'kuvula chipewa chija kuti nawonso awamete. Anthu anayang'anana, koma ndani akanakaniza munthu wobwera ndi mbuzi? Anawameta. Nyalumbi atafunsa funso lake, amayi anandigwira dzanja. A Zuze anandiyang'ana ine, n'kumwetulira, mutu uli mbee, n'kunena kuti, "Nkhabe, iyayi, ine ndilibe mawu. Ine ndi a m'nyumba ino ndife amodzi."

Ankaganiza kuti andigula ndi mawu amenewo. Koma atatuma munthu kudzafunsira mbeta, ndinakana poyera, ndinati sindikufuna kukakhala mkazi wachitatu wosinja mapira a anzanga. Ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, a Alufandika, mnyamata wopalasa bwato, wopanda kanthu koma manja ake. Munthuyo pakamwa panali polemera, tsiku lonse ankatha kulankhula mawu osadzaza chikhatho, koma ntchito ankaidziwa. Anakumba ngalande kuzungulira dimba n'kuzika zipilala, mvuu zinaleka kulowa, ndipo thonje litayamba kugulidwa ndi azungu a masikelo tinabzala mbali imodzi, mbali ina n'kusiyira chakudya. Mukanaona, ana inu! Dimba lonse linayera, anthu odutsa pa bwato ankasiya kupalasa n'kumaloza.

Basi, a Zuze anakumbukira chikole chawo. Tinangomva kuti tikuitanidwa kubwalo, thonje lili pafupi kutoledwa. Amayi anasiya kudya. Ine ndinali ndi mwana kumsana, wina m'mimba, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkachita mantha, koma mkwiyo unaposa mantha.

Masiku amenewo mkazi sankalankhula pabwalo asanaitanidwe, si lero pamene mumalankhula mpaka pa wailesi, ndiye otiyankhulira anali amalume. A Zuze anali ochenjera, musawapeputse. Anaimirira n'kunena modekha kuti, "Akuluakulu, munanena nokha pansi pa mtondo uno kuti ngongole yafa koma chikole chatsala. Tsiku lometa ndikananena ngongole iti, poti munaipha kale? Ine sindikufuna mapira kwa munthu aliyense. Ndikufuna dimba langa basi." Anthu anayamba kugwedeza mitu kuvomereza, ndipo amalume anayamba kukanda m'mutu. Ndinaona dimba likuchoka m'manja mwathu ndili chikhalire.

Ndinamasula mwana n'kupatsa amayi, ndinayenda chogwada mpaka kutsogolo, n'kuomba m'manja. Amalume anandinong'oneza kuti, "Iwe Nsayi, wapenga?" Koma mkulu wina wokalamba anati, "Musiyeni, bambo ake ndiwo analoza dimbalo." Ndiye ndinati, "Baba Zuze, pepani, ine ndine mwana, mundithandize kukumbukira. Tsiku lometa nyalumbi anafunsa za ngongole yokha, kapena anatchulanso chikole?" Iwo anati sakukumbuka bwino. Nyalumbi anali pomwepo, ndipo anayankha ali chikhalire kuti funsolo analilandira kwa akulu ake lili lathunthu, ndipo sanayambe walidulapo.

Ndinapitiriza kuti, "Nanga tsiku limenelo munakhala pati, kwa alendo kapena pamphasa pathu?" A Zuze anangokonza chipewa chawo kumutu. "Chipewa chanu munavulira dzuwa kapena lumo?" Apo amayi ena kumbuyo analephera kudzigwira, kuseka kunayambira kumeneko. Ndinati, "Tsitsi lanu lili m'dzenje limodzi ndi langa, ndi la amayi angawa, ndi la azing'ono anga. Munanena anthu akumva kuti ndinu a m'nyumba mwathu ndipo mulibe mawu. Mvuu zikudya dimbalo munalibe mawu, lero layera thonje mawu apezeka. Ngati mukufuna chikole chanu, tiyeni tonse tikafukule, musankhe tsitsi lanu pakati pa lathu, mulibwezere kumutu, ndiye nyalumbi afunsenso."

Bwalo lonse linaphulika. Amuna akuluakulu ankapukuta misozi, ndipo a Zuze anagwira chipewa chawo ndi manja awiri ngati wina akufuna kuwavula. Anayesa kunena kuti kwawo kutsidya sachita choncho, koma anthu anawafunsa kuti nanga anametedwa kutsidya kapena kuno. Akuluakulu sanachedwe kunong'onezana. Anati ufulu wotenga chikole a Zuze anali nawo ndithu, ndipo akanabwera a Chapo ali moyo, kapena akananena tsiku lometa, dimba likanakhala lawo popanda wotsutsa, koma nthawi yawo anaikhalira okha mpaka inatha, ndipo khomo limenelo silitsegukanso.

Nthungululu imene inalira tsiku limenelo inamveka mpaka kudoko. Amayi, munthu amene anali asanavinepo chimwalirire bambo, anavina ndi mdzukulu wawo m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo agogo anu aamuna anandiyang'ana nthawi yaitali n'kungonena kuti, "Takhuta." Kwathu ndiko kunena kuti zikomo, ndipo kwa iwo amenewo anali mawu ambiri zedi. Sitinapite kunyumba, tinapita kudimba ndi madengu n'kuyamba kutola thonje dzuwa likadalipo, anansi n'kutitsatira kudzathandiza popanda wowaitana. Sindinamvepo kukoma kwa ntchito ngati tsiku limenelo.

A Zuze sindiwada, mapira awo anapulumutsa azing'ono anga, ndipo atamwalira ndinakawalira ngati mmene anthu amalirira mnansi. Koma inu, ana anga, ngati muli ndi chanu kwa munthu, mukachinene iye akadali ndi makutu, musadikire kuti munda wake uyambe wayera. Ndipo langa tsiku likadzafika, musadzafunse monong'ona ngati mukuchita manyazi. Mudzaimirire pakati pa anthu, mudzafunse mokweza kuti wakumbuyo amve, mudzadikire pang'ono, ndipo pakapanda woyankha mudzakwirire tsitsilo n'kupita kukalima mitima ili pansi. Ine ndikufuna kukusiyirani minda, osati milandu.