Masitiroberi a M'dimba la Apongozi

Zaka za m'ma fifite zija, nthawi ya chitaganya, ine ndinali mnyamata wa ndevu zongomera kumene, ndipo ndinkagwira ntchito ya m'galadeni kunyumba ya mzungu wina wa kuesiteti ya tiyi, cha kunjira ya ku Limbuli uko. Inu mwabwera ndi timasitiroberi tanuti ta pamsika wa Chonde, mwaluma kamodzi n'kuyamba kunyoza wogulitsa kuti wakuberani. Musiyeni mayi wa eni ake. Sabata yonseyi phiri mwaliona? Ndi chiperoni chimenechi, nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo chiperoni ndi masitiroberi samwerana madzi. Ine ndikudziwa chifukwa zinatsala pang'ono kundithetsera banja, ndipo ngati mukuti ndikunama afunseni agogo anu a Elube awo, mukuona ayamba kale kuseka.

Nditawakwatira, ndinakalowa chikamwini kwawo, pamudzi pompano. Masiku ano mnyamata amangonyamula mkazi ulendo ku Blantyre kukachita lendi, ndipo apongozi akabwera amakhala nawo pampando umodzi n'kumaonera mpira, koma kale zimenezo kunalibe. Mkamwini ndi apongozi aakazi ankathawana, mukakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa mkazi wako. Komanso mkamwini ankamuyesa ndi khasu, akaona kuti mutu wake sukuyenda bwino ankamuonetsa njira ya kwawo.

Apongozi anga anali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, mmene ankadzala mpiru ndi tomato, ndipo ndiwo za pakhomo ponse m'chilimwe zinkachokera mmenemo. Tsono ine, pofuna kuoneka wodziwa za kwa azungu, ndinapempha dona, mkazi wa mzungu wa kuntchito uja, timphukira ta masitiroberi timene ankazula n'kutaya, kenako ndinatuma Elube kuti akandipemphere theka la dimbalo. Ndinati, "Kawauze amayi kuti ndidzala chipatso choti akadzalawa, nanazi adzamuiwala ndi dzina lomwe." Mukuseka chiyani? Nanunso mukamafunsira mumanena zoposa pamenepa.

Apongozi analola, koma atsibweni ake a Elube, a Makwinja, amene anali mwini mbumba, anandiitanira pambali. Anati, "Akamwini, mkamwini sakula mwendo. Mwachotsa mpiru wa alongo anga kuti mudzale udzu wa azungu. Chabwino, tiona. Koma zikakanika, kwanu simunakuiwale." Ananena ngati nthabwala, koma ine sindinaseke, pakuti chaka chathacho anali atathamangitsa mkamwini mnzanga chifukwa chomanga nkhokwe yopendekeka.

Ndinadzala mvula itangotha, ndinathirira, ndinayala udzu wouma pansi monga tinkachitira kwa dona, ndipo timaluwa toyera titatuluka ndinkayenda pamudzi ngati kalaliki. Kenako kunagwa chiperoni cha nthawi imeneyo, osati chanu chopemphetsachi ayi, chija phiri limasowa ngati alisamutsa, kamvula kowaza osaleka, zovala osauma, nkhuku zili zyoli pakhonde. Zipatso zanga zinayamba kufufuma, zikuluzikulu, zonyezimira, ndipo ine ndinati Mulungu wandikondera.

Pali chinthu chimodzi chimene simukudziwa: ine sitiroberi ndinali ndisanalaweko chibadwire. Kwa dona ntchito yathu inali kuthirira, kudya kunali kwa eni ake. Ndipo ulemu wa nthawi imeneyo unali wakuti zoyamba kucha m'dimba la apongozi mkamwini saika pakamwa, amayamba ndi eni nthaka. Choncho ndinathyola zikuluzikulu zokhazokha mvula ikuwaza, ndinadzaza lichero osalawa ngakhale chimodzi, Elube ananyamula kupita pakhonde pamene panali amayi ake ndi a Makwinja, ine n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, khutu lili tcheru.

Kenako ndinamva apongozi akuti, "Elube, amuna akowa akuti chimenechi n'chipatso?"

"Eya, amayi."

"Nanga shuga wake anatsala kwa dona?"

A Makwinja analavula, ndinamva ndithu ndili kuseri konkuja. Anati, "Chikomekome cha mkuyu. Awa ndi madzi a mumtsinje, angowapaka utoto." Ndipo apongozi, poti sankadziwa kutaya chinthu, anati zofiirazi n'kutheka ndi tomato wa azungu, n'kuzikhuthulira zonse mumphika wa usipa. Ana inu, ndiwo zimene zinatuluka mmenemo ngakhale galu anazinunkhiza n'kupita kukagona.

Chiperoni chinapitirira, ndipo zotsala m'dimba zinayamba kuola, zina kuchita chuku, zina kubooledwa ndi nkhono. A Makwinja ananena kuti mwezi ukatha udzu wa azunguwo azula, ndipo ankhoswe aitanidwe tidzakambirane za ine. Panopa ndikuseka, koma nthawi imeneyo ndinachita mantha kwambiri, chifukwa Elube ndinkamukonda ndipo anali ndi pakati. Ndinakadandaula kwa khukhi wa kuntchito, mdala wina wochokera kutsidya kwa Apwitikizi, ndipo iye anandiseka mpaka kugwira tebulo. Anati, "Iwe, kukakhala chiperoni dona sathyola. Chipatso chimenechi madzi chimamwera kumizu, koma kutsekemera chimatenga kudzuwa. Dikira." Kudikira ndinkadziwa, kuona maso a nkhono n'kudekha, koma a Makwinja ndi amene sankadikira. Ndinachotsa zoola zonse, ndinayala udzu wina wouma, ndipo Lamulungu kutchalitchi anthu onse akuthokoza chifukwa cha kamvula kokometsa tiyi ndi nandolo, ine ndekha ndinkapemphera mobwezera kumbuyo.

Tsiku lina phiri linangoti mbee, lonse mpaka kunsonga. Kunabwera nyengo ija ya mmawa kuzizira ndi mame, masana dzuwa kuswa mtengo, ndipo timasitiroberi tatsopano tinacha ting'onoting'ono, tofiira mpaka mkati, fungo lake lomveka uli kutsidya kwa mtsinje. Poti mwambo wa zoyamba unali utatha, ndinatola kamodzi mame atauma n'kuika pakamwa. Ndinakhala pansi. Ndinadzuka, ndinavina tchopa ndekhandekha m'dimba popanda ng'oma, mpaka amayi ena ochapa kumtsinje anakauza anzawo kuti mkamwini wa kwa a Makwinja wazungulira mutu.

Koma vuto linali lakuti panalibenso wofuna kulawa. Elube anapita nato kwa amayi ake, iwo n'kuti, "Bweza, lilime langa silinaiwale." A Makwinja anakana n'kuyang'ana komwe. Tsiku la ankhoswe likuyandikira, ndipo ngati kuti zimenezo zachepa, takupsa bwino tinayamba kusowa m'mizere. Ndinati ndi apumbwa amenewa, andimaliza. Mmawa wina ndinatenga legeni, ndinadzera m'nthochi chokwawa, ndipo nditasuzumira ndinaona pumbwa wake wavala duku.

Anali apongozi. Anabwera kudzathirira mpiru wawo, fungo linawakoka, ndipo apa anali atanjuta pakati pa mizere, nsalu yodzaza pamiyendo, masaya ali tutumu. Tinaphana maso. Mwambo unkati wina athawe, koma ine ndinangokhala pomwepo legeni ili m'manja, ndipo iwo kuti athamange ndiye kuti zonse za pansalu zitayika. Anameza pang'onopang'ono, anatembenuka n'kundipatsa msana, ndipo anayamba kulankhula ndi mtengo wa nthochi umene unali patsogolo pawo.

Anati, "Nthochi iwe, kawauze akamwini kuti ankhoswe asavutike n'kubwera. Uwauzenso kuti mpiru wa mbali iyi ndizula ndekha, awonjezere mizere."

Ine ndinavula chipewa, ndinagwada m'matope momwemo, n'kuyankha kuti, "Nthochi, uwauze amayi kuti ndamva. Uwauzenso kuti takupsa kwambiri tili mumzere wakumapeto."

Anapita kumzere wakumapetowo osacheuka, ine n'kubwerera chokwawa mmene ndinadzera, misozi ikutsika ndi kuseka komwe. Mwana amene Elube anali naye pakati ndiye amayi ako iwe, ndipo anabadwa bambo ake ali pamudzi. Tsono adzukulu anga, inu amene mudzalandire akamwini ndi atengwa m'makomo mwanu, munthu mukamulawa tsiku la chiperoni musafulumire kumuitanira ankhoswe. Yambani mwadikira dzuwa limuwombe.