Kunyumba Kwachoka Ndani?

Pa siteji ya basi ku Chipata, mayi Mwanaamina anali atakumbatira dengu la mphaka wawo wodwala. Pafupi panali mkulu wina wa ku Mtenguleni, galu atamugonera pamapazi.

"Bambo, wanuyu akadwala mumapita naye kuti? Wangayu sakudya, lero lachitatu."

"Madokotala a ziweto alipo awiri, amayi. Wa m'tauni mankhwala ali nawo, jakisoni wake sachedwa. Wina ali ku Nabvutika, anapuma pantchito, amaonera ziweto pansi pa mtengo wa mango."

"Wabwino ndi uti?"

"Uyu atasiya kudya, wa m'tauni anamupima n'kunena kuti alibe matenda. Wa ku Nabvutika anangomuyang'ana, basi n'kundifunsa, 'Kunyumba kwachoka ndani?'"

"Kunachoka munthu?"

"Akazi anga, a Ketilina. Tinali titangowaika kumene. Dokotalayo anati ndiyale chitenje chawo pamene galuyu amagona."

"Anadya?"

"Ananyambita ndi mbale yomwe! Nanenso tsiku limenelo ndinadya. Nanga kwanu kwachoka ndani?"

Mayi Mwanaamina anasuzumira m'dengu muja.

"Mwana wanga Fathima. Wakwatiwa ku Lusaka Loweruka lapitali."

"Ndiye bwererani, mukafune mpango umene wasiya. Koma mphakayo akadya, amayi, inunso mudye."